Mafunso ndi mayankho: Jenerali Tomoyuki Yamashita ndi mlandu umene unamunyongetsa

Nkhani ya Yamashita ikangoyamba mafunso ake amakhala omweomwewo, ena amafunsa za golide, ena amamusokoneza ndi jenerali wina, ndipo ena amafuna kudziwa ngati anaphedwa mwachilungamo. Ndawasonkhanitsa pano kuyambira ophweka mpaka ovutawo.

Kodi Yamashita ameneyu anali ndani?

Anali mkulu wa asilikali a dziko la Japan pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Anabadwa pa 8 Novembala 1885 kumudzi m'chigawo cha Kochi pa chilumba cha Shikoku, bambo ake anali dokotala wa pamudzipo. Iye sanatsate za udokotalazo, analowa sukulu ya usilikali nkumaliza mu 1905, kenako mu 1916 anamalizanso sukulu ya akuluakulu a nkhondo. Anali munthu woti wayendapo, anagwirako ntchito ku ofesi za kazembe wa Japan ku Switzerland, ku Germany ndi ku Vienna, ndipo kumapeto kwa 1940 anamutumanso ku Germany ndi Italy kukaona mmene anzawowo akumenyera nkhondo, mpaka anakumana ndi Hitler ndi Mussolini.

Amadziwika ndi zinthu ziwiri. Choyamba analanda Malaya (lero ndi mbali ya Malaysia) ndi Singapore m'manja mwa Angerezi mu 1942. Chachiwiri ananyongedwa mu 1946 chifukwa cha nkhanza zomwe asilikali a Japan anachita ku Philippines.

Dzina loti Tiger of Malaya analitenga bwanji?

Limatanthauza kuti kambuku wa ku Malaya, ndipo linabwera kamba ka liwiro lomwe anagonjetsera Angerezi. Pa 8 Disembala 1941 asilikali ake a gulu la 25th Army anakocheza ku Kota Bharu kumpoto kwa Malaya komanso ku Singora ndi Patani mbali ya Thailand. Patangotha masiku awiri ndege za Japan zinamiza sitima ziwiri zikuluzikulu zankhondo za Angerezi, Prince of Wales ndi Repulse, nde kuchokera pamenepo panyanja panalibenso womuletsa. Angerezi ankadalira kuti nkhalango ya ku Malaya ndi yowirira moti gulu lankhondo silingadutsemo msanga, koma anyamata a Yamashita ankayenda pa njinga zakapalasa m'misewu yomwe Angereziwo anamanga okha, akasinja ang'onoang'ono ali patsogolo, akapeza mlatho waphwasulidwa amakonza nkupitirira, akapeza adani atchinga msewu amawazungulira kudzera m'tchire kapena pa maboti nkukawatulukira kumbuyo.

Pa 15 Febuluwale 1942, patangotha masiku 70, Jenerali Arthur Percival, mkulu wa asilikali a Angerezi kumeneko, anapita ku fakitale ya galimoto ya Ford ku Bukit Timah kukagonja. Asilikali pafupifupi 80,000 a Britain, India ndi Australia anagwidwa mu Singapore mokha, kuphatikiza ndi omwe anagwidwa kale ku Malaya chiwerengero chimafika cha m'ma 130,000. Chodabwitsa nchoti Yamashita anali ndi anthu ochepa kuposa omwe anawagonjetsawo ndipo zipolopolo za mizinga zinali zitatsala pang'ono kumuthera, nchifukwa chake pa tebulo lija anamupanikiza Percival kuti ayankhe pompopompo, eya kapena ayi. Churchill mwiniwake, nduna yaikulu ya Britain nthawiyo, anavomera kuti m'mbiri ya asilikali a Britain sikunachitikepo kugonja kwakukulu ngati kumeneku.

Nanga atapambana chonchi, bwanji sanamukweze nkumusunga kutsogolo kwa nkhondo?

Ndale za mkati mwa usilikali. M'zaka za m'ma 1930 asilikali a Japan anali ogawikana magulu awiri, Kodoha ndi Toseiha, Yamashita ankaoneka kuti ali mbali ya Kodoha pomwe Hideki Tojo anali wa mbali inayo. Pa 26 Febuluwale 1936 maofesala achinyamata a Kodoha anayesa kulanda boma ku Tokyo nkupha akuluakulu angapo a boma, zitakanika Yamashita anawapemphera kuti awachitire chifundo, zimenezi sizinamusangalatse mfumu Hirohito ndipo anamutumiza ku Korea.

Nde pomwe amalanda Singapore nkuti Tojo ali nduna yaikulu. Mu Julayi 1942 anamusamutsira ku Manchuria kukayang'anira malire ndi Soviet Union komwe kunalibe nkhondo, anakakhala kumeneko zaka ziwiri. Udindo wa jenerali wathunthu anamupatsa mu 1943 ali komweko. Anamukumbukira Tojo atagwa mu Julayi 1944, zinthu zitafika kale posauzana.

Ku Philippines anafika liti, ndipo anapeza zotani?

Anafika ku Manila kumayambiriro kwa Okutobala 1944 kudzatsogolera 14th Area Army, ndipo pa 20 Okutobala asilikali a America otsogozedwa ndi Douglas MacArthur anakocheza pa chilumba cha Leyte. Ndiye kuti munthuyu anali ndi masabata awiri okha oti adziwe dzikolo ndi maofesala ake. Iye ankafuna asunge mphamvu zonse pa chilumba chachikulu cha Luzon koma bwana wake Hisaichi Terauchi anamulamula kutumiza asilikali ku Leyte, ambiri mwa iwo anathera konko.

A America atakocheza ku Lingayen pa 9 Januwale 1945 iye nkuti atagawa kale asilikali ake magulu atatu kuti akamenyere nkhondo kumapiri, ndipo likulu lake analisamutsira ku Baguio, mtunda wa makilomita pafupifupi 250 kumpoto kwa Manila. Cholinga sichinalinso kupambana ayi, chinali kungowachedwetsa a America kuti asafike msanga ku Japan. Anakhala kumapiriko mpaka nkhondo kutha, asilikali ake akufa ndi njala ndi malungo, ndipo anadzipereka ku Kiangan pa 2 Sepitembala 1945. Mawa lake posayinira ku Baguio, Percival uja anali pomwepo akuonerera.

Chinachitika nchiyani kwenikweni mu mzinda wa Manila?

Apa mpomwe pagona nkhani yonse. Yamashita analamula kuti asilikali atuluke mu Manila, angosiya ochepa oti aphwasule milatho ndi kusamutsa katundu, chifukwa mzindawo unali pachidikha, wovuta kuteteza, komanso analibe chakudya chodyetsa anthu okhalamo. Koma mkulu wa asilikali apamadzi, Sanji Iwabuchi, anatsala mumzindamo ndi anthu pafupifupi 16,000 nkutsimikiza kuti afera momwemo. Papepala gulu lakeli linali litaikidwa pansi pa ulamuliro wa asilikali apamtunda pa nkhondo ya pamtunda, kudzera kwa Jenerali Shizuo Yokoyama yemwe anali pansi pa Yamashita, koma asilikali apamadzi ndi apamtunda a Japan sankamverana kuyambira kale.

Kuyambira pa 3 Febuluwale mpaka pa 3 Malichi 1945 anthu wamba pafupifupi 100,000 anafa. Ena ambiri anaphedwa ndi mizinga ya a America yomwe inkagumula nyumba imodziimodzi, izi tisabise. Koma zomwe asilikali a Japan anachita zinali zadala, kusonkhanitsa anthu m'nyumba nkuyatsa moto, kubaya makanda ndi mipeni ya kumfuti, kupha odwala ndi manesi pa likulu la Red Cross, kupha abulaza ndi mabanja omwe anabisala pa De La Salle College, kutsekera amayi ndi atsikana mu Bayview Hotel nkumawagwirira masiku angapo, amuna kuwaunjika m'zipinda za pansi ku Fort Santiago. Elpidio Quirino, yemwe anadzakhala pulezidenti wa Philippines, anataya mkazi wake ndi ana atatu mwezi umenewu. Iwabuchi anafera mumzinda momwemo kumapeto kwa Febuluwale, nde sanakaimeko pakhoti.

Sikuti zinali ku Manila kokha. M'chigawo cha Batangas midzi yathunthu inaphedwa poiganizira kuti ikudyetsa zigawenga zolimbana ndi Japan, ndipo ku Palawan pa 14 Disembala 1944 akaidi ankhondo a ku America 139 anaphedwa, ambiri mwa iwo powathira petulo m'maenje obisalamo nkuwayatsa.

Kodi ndi yemweyu anayendetsa akaidi ulendo wa imfa wa ku Bataan?

Ayi. Za ku Bataan, ku Philippines, zinachitika mu Epulo 1942, nthawi imeneyo Yamashita anali ku Singapore. Wa Bataan ndi Masaharu Homma, naye anazengedwa mlandu ku Manila konko ndipo anaphedwa pochita kuomberedwa pa 3 Epulo 1946.

Mlandu womwe anamuzenga unali woti chani?

Anthu ambiri amaganiza kuti anamupeza ndi kalata yolamula kuti anthu aphedwe. Sizinali choncho. Mlandu unali umodzi, woti iye monga mkulu wa asilikali analephera udindo wake wolamulira anthu ake, nkuwalekerera kuti achite nkhanza. Pansi pa mlandu umodziwo anandandalika zochitika 64, kenako kutatsala masiku atatu kuti mlandu uyambe anawonjezera zina 59, zonse pamodzi 123. Palibe ngakhale chimodzi chomwe chinkanena kuti iye anapha munthu ndi manja ake kapena kuti analipo pamalopo.

Mfundo ya oimira boma, motsogozedwa ndi Major Robert Kerr, inali yoti nkhanzazo zinali zochuluka kwambiri, zofalikira madera ambiri ndiponso zochitika mofanana moti sizikanatheka kuti mkulu asadziwe, ndipo ngati sanadziwe ndiye kuti anachita kusankha kusadziwa. Kwathu timati nkhuyu zodya ana zidapota akulu, ganizo lake ndi lomwelo, kungoti apa linali likulowa koyamba m'khoti ngati mlandu woti munthu nkunyongedwa nawo.

Khoti lake linali lotani?

Silinali khoti wamba, inali komiti ya asilikali yomwe inakhazikitsidwa pansi pa ulamuliro wa MacArthur, ndipo malamulo oyendetsera mlanduwo anachokeranso ku ofesi yake. Oweruza anali majenerali asanu a America, wapampando Russel Reynolds, ndipo pa asanuwo panalibe loya ngakhale mmodzi. Mlandu unayamba pa 29 Okutobala 1945 mu holo ya nyumba ya High Commissioner ku Manila. Mboni zinalipo 286.

Chomwe chimandiwawa ine pa mlanduwu ndi changu chake. Maloya a Yamashita anali asilikali a America omwe, monga Colonel Harry Clarke ndi Captain Frank Reel, ndipo anagwira ntchito yawo ndi mtima wonse, koma atapempha nthawi yoti akonzekere zochitika 59 zowonjezera zija anawakaniza. Umboni wa "ndinamva kwa uje kuti uje anati" unkaloledwa, makalata a anthu omwe sanabwere kudzafunsidwa mafunso ankalandiridwa, mpaka anaonetsa kanema wa propaganda ngati umboni. Anthu awiri omwe ananena kuti Yamashita analamula kupha anthu a ku Philippines anali oti ankagwira ntchito ndi a Japan nthawi ya nkhondo ndipo anali m'ndende akudikira milandu yawo, umboni wawo unagwa pofunsidwa mafunso. Otanthauzira nawonso ankavutika kwambiri ndi Chijapani.

Koma tisaiwale mbali inayi. Masabata angapo amayi, ana ndi ansembe ankabwera mmodzimmodzi kudzaonetsa zipsera za mipeni ndi kufotokoza mmene abale awo anafera, ndipo palibe loya wa Yamashita anatsutsa kuti zimenezi sizinachitike. Funso linali loti mwini mlandu ndani.

Iye anadziteteza bwanji?

Anaima yekha ngati mboni nkunena kuti sanalamule zimenezo ndipo sanazidziwe mpaka atazimva atagwidwa kale, komanso kuti akanadziwa akanalanga ochitawo. Anafotokoza kuti anafika mochedwa, maofesala ambiri sankawadziwa, mawaya a lamya ndi mawayilesi anali ataphwasulidwa ndi ndege za America ndi zigawenga, moti uthenga wochoka ku Manila unkatenga masiku kuti ufike ku Baguio, ndipo za asilikali apamadzi onani funso la Manila pamwambapa. Wachiwiri wake Akira Muto anamuikira umboni womwewo. Muto naye anadzanyongedwa ku Tokyo mu Disembala 1948.

Chigamulo chinaperekedwa pa 7 Disembala 1945, tsiku lomwe panakwana zaka zinayi Japan chiphulitsireni doko lankhondo la America la Pearl Harbor. Wolakwa, anyongedwe.

Sanachite apilo?

Anachita. Khoti lalikulu la Philippines linati lilibe mphamvu pa asilikali a America, nde maloya aja anakwera ndege mpaka ku Washington ku Supreme Court. Pa 4 Febuluwale 1946 majaji 6 anakana apiloyo, awiri anatsutsa. Jaji wamkulu Harlan Stone analemba kuti ntchito yawo sinali yoona ngati munthuyo ndi wolakwa kapena ayi, koma kungoona ngati komiti ya asilikali ija inali ndi mphamvu yomuzenga, ndipo anati inali nayo, komanso kuti malamulo a nkhondo amamupatsa mkulu wa asilikali udindo woletsa anthu ake kuchita nkhanza.

Awiri otsutsawo, Frank Murphy ndi Wiley Rutledge, ndi omwe mawu awo amawerengedwa kwambiri lero. Murphy sanali mlendo ku Philippines, anakhalapo bwanamkubwa wa dzikolo m'ma 1930, nde sitinganene kuti sankawamvera chisoni anthu a ku Manila. Mfundo yake inali yoti a America anachita chilichonse chotheka kuti asokoneze ulamuliro wa Yamashita pa asilikali ake, zinatheka, kenako akumuimba mlandu woti analephera kulamulira asilikali omwewo. Anachenjezanso kuti chigamulochi tsiku lina chikhoza kudzagwira pulezidenti wa America ndi akuluakulu ake ankhondo. Rutledge anakhazikika pa kayendetsedwe ka mlandu, kuti ngakhale mdani ayenera kuzengedwa motsata malamulo. Pulezidenti Truman anakana kulowererapo, ndipo MacArthur anavomereza chilangocho.

Anafa bwanji?

Ananyongedwa mbandakucha wa pa 23 Febuluwale 1946 ku Los Baños, kummwera kwa Manila, ali ndi zaka 60. MacArthur analamula kuti amuvule yunifolomu ndi mamendulo onse asanakwere pa nsanja, kutanthauza kuti asafe ngati msilikali.

Nde tinene kuti anaphedwa wosalakwa?

Ine yankho langa ndi ayi, koma mundimvetse bwino. Pa za Manila umboni womulumikiza iyeyo unali wofooka ndipo mlandu unathamangitsidwa, pamenepo ndili mbali ya Murphy ndi Rutledge. Koma pali nkhani ina yomwe sinalowe nkomwe m'khoti lija. Singapore itangogwa, kuyambira pa 18 Febuluwale 1942 mpaka kumayambiriro kwa Malichi, asilikali ake anaitanitsa amuna achitchaina a zaka 18 mpaka 50 kumalo osiyanasiyana kuti "awaunike", omwe anawaganizira kuti amadana ndi Japan anawakweza m'malole kupita nawo kugombe ngati Changi ndi Punggol nkukawaombera. Zimenezi zimatchedwa Sook Ching. A Japan anavomera anthu pafupifupi 5,000, a ku Singapore amati anali masauzande makumi angapo. Apa panalibe za mawaya oduka kapena asilikali apamadzi osamvera, nkhondo ya Singapore inali itatha, iye anali mumzinda momwemo atapambana, ndipo lamulo la kuunikako linachokera ku likulu lake. Yemwe analikankha kwambiri anali ofesala wake Masanobu Tsuji, amene anazemba osazengedwa mlandu mpaka anadzakhala phungu wa nyumba ya malamulo ku Japan. Angerezi mu 1947 ananyonga maofesala awiri, Saburo Kawamura ndi Masayuki Oishi, pa nkhaniyi. Palinso odwala ndi madokotala omwe anaphedwa pa chipatala cha Alexandra kutatsala tsiku limodzi kuti Singapore igonje, ndi akaidi ovulala omwe anaphedwa ku Parit Sulong mu Januwale 1942.

Ngakhale ku Philippines komweko, lamulo lothana ndi zigawenga linachoka kwa iye, ndipo munthu yemwe anaona zomwe asilikali ake anachita ku Singapore sangati sankadziwa zomwe lamulo lotere limabala likafika m'midzi. Nde anthu omwe amamujambula ngati njonda yosalakwa yomwe MacArthur anangoibwezera, akusiya dala amasiye a ku Singapore. Chomwe chinalakwika nchoti anamuzenga mothamanga pa mlandu womwe umboni unali wochepa, nkusiya womwe dzanja lake linkaoneka bwino, ndipo mabanja a ku Singapore sanapatsidwe mpata womuona iyeyo akuyankha za abale awo.

Nanga golide wa Yamashita amene anthu amakamba uja?

Nkhani yake imati a Japan anaba golide m'maiko a ku Asia nkumukwirira m'mapanga a ku Philippines. Zoti ankaba chuma nzoona, koma akatswiri ambiri a mbiri yakale savomereza zoti kuli nkhokwe zokwiriridwa, ndipo m'khoti la 1945 nkhani ya golide sinali pa mlandu. Ganiziraninso, mu 1944 nyanja inali kale m'manja mwa America, ndani angatumize chuma ku dziko lomwe likulandidwa?

Inatchuka chifukwa cha Rogelio Roxas, yemwe ananena kuti mu 1971 anafukula chifanizo cha Buddha chagolide pafupi ndi Baguio ndipo anthu a Ferdinand Marcos, pulezidenti wa Philippines nthawiyo, anamulanda nkumuzunza. Mlandu wake unakazengedwa ku Hawaii, mu 1996 khoti linagamula chipukuta misozi cha madola 22 biliyoni, koma khoti lalikulu la Hawaii linadzachotsa chiwerengero chimenecho ponena kuti panalibe umboni wokwanira wa kuchuluka kwa golideyo. Mpaka lero anthu akukumbabe ndipo ena amafera m'maenje.

Asilikali a kwathu kuno anamenyanapo naye?

Ndi iyeyo ayi. Asilikali a KAR (King's African Rifles) ochokera ku Nyasaland ndi anzawo a Northern Rhodesia Regiment anamenyana ndi a Japan ku Burma mu 1944 ndi 1945, komwe kunali majenerali ena, nthawi imeneyo Yamashita anali ku Manchuria kenako ku Philippines. Ku Malaya asilikali a KAR a ku Nyasaland anapitako ndithu koma m'zaka za m'ma 1950, pa nkhondo ina yolimbana ndi zigawenga zachikomyunizimu, iye atafa kale.

Lamulo lomwe linamunyongetsa likugwirabe ntchito?

Eya, maloya amalitcha command responsibility, ena amangoti Yamashita standard, kungoti analikonza. Mu 1977 linalowa mu pangano lowonjezera pa mapangano a Geneva, ndime 86 ndi 87, kenako m'malamulo a makhoti a Yugoslavia ndi Rwanda, ndipo mu 1998 mu ndime 28 ya pangano la Rome lomwe linakhazikitsa khoti la ICC ku The Hague, lomwe Malawi ndi Zambia ndi mamembala ake. Panopa woimira boma amayenera kuonetsa zinthu zitatu, kuti mkuluyo analidi ndi mphamvu zenizeni pa asilikaliwo osati za papepala chabe, kuti ankadziwa kapena ankayenera kudziwa, komanso kuti sanachite zomwe akanatha kuti aletse kapena kulanga. Mfundo yoyambayo ndi yomwe maloya a Yamashita ankalimbikira pa nkhani ya Iwabuchi.

Kagwiritsidwe ntchito kake nkomwe kamadandaulitsa. Asilikali a America atapha anthu wamba mazanamazana ku My Lai ku Vietnam pa 16 Malichi 1968, Captain Ernest Medina yemwe ankatsogolera gululo anazengedwa mu 1971 koma woweruza anauza khoti kuti pafunika umboni woti ankadziwadi, ndipo anamumasula. Wopezeka wolakwa anali William Calley yekha, palibe jenerali anamangidwa. Ku ICC, Jean-Pierre Bemba wa ku DR Congo anagamulidwa zaka 18 mu 2016 chifukwa cha kupha ndi kugwirira komwe asilikali ake anachita ku Central African Republic mu 2002 ndi 2003, koma mu Juni 2018 khoti la apilo linamumasula, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali choti oweruza oyamba sanaganizire mokwanira zovuta za mkulu yemwe akulamulira asilikali ali kutali, m'dziko lina.